Kupanga maselo a mnofu wa mtima kuchokera ku ma stem cell: njira iti pa ntchito iti

Mtsempha wopereka magazi ku mnofu wa mtima ukatsekeka mwadzidzidzi, maselo pafupifupi 1 biliyoni amatha kufa m'maola ochepa. Pamalopo pamabwera chipsera, ndipo chipsera sichigunda. Mu 2009 gulu la Jonas Frisén ku Karolinska, ku Sweden, linasonyeza kuti pa zaka 25 munthu amasintha pafupifupi 1 peresenti ya maselo a mnofu wa mtima pachaka, ndipo pofika zaka 75 zimatsika kufika pansi pa theka la peresenti. Mtima sungadzikonze wokha pa liwiro lotere. Wofuna kubwezeretsa mnofuwo ayenera kupeza maselo ochuluka zedi, opanda maselo ena osafunika, komanso oti akalowa mumtima asakasokoneze kagundidwe kake. Njira zonse tiziyeza ndi zinthu zitatu zimenezi. Kuona maselo akugunda m'mbale si muyeso, chifukwa lero wophunzira wosamala amakuona pasanathe masabata awiri.

Selo loyambira

Tichotse kaye njira imene inawonongetsa zaka ndi ndalama zambiri. Mu 2001 kunamveka kuti maselo a m'mafuta a m'mafupa akabayidwa mumtima wa mbewa amasanduka mnofu. Mu 2004 magulu awiri, limodzi la Charles Murry, anayesanso ndipo sanapeze zimenezo. Nkhani ya maselo a c-kit, omwe ankati ndi ma stem cell (maselo oyambira otha kusanduka maselo a mitundu ina) a mumtima momwemo, inatha mu 2018 pamene Harvard Medical School ndi Brigham and Women's Hospital anapempha kuti mapepala 31 a labu ya Piero Anversa achotsedwe. Maselo a m'mafupa, a m'mafuta a thupi kapena a mumchombo mwina amatulutsa zinthu zochepetsa kutupa, koma sasanduka mnofu wogunda. Kiliniki yolonjeza mtima watsopano ndi jakisoni wa maselo otere ikugulitsa chinthu chomwe sayansi sinachipeze, ndipo odwala mtima ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa.

Maselo amene amasandukadi mnofu wa mtima ndi aja otha kusanduka chiwalo chilichonse. Alipo a mitundu iwiri: ochokera ku mluza, omwe James Thomson anayamba kukulitsa ku Wisconsin mu 1998, ndi ma iPSC, omwe Shinya Yamanaka anapanga kuchokera ku maselo a khungu la munthu mu 2007. Pa kapangidwe ka mnofu, mitundu iwiriyi imamvera mankhwala ofanana. Kusiyana kwa mzere umodzi wa maselo (maselo a gwero limodzi okulitsidwa m'labu) ndi unzake kumakula kuposa kusiyana kwa mitundu iwiriyi. Ma iPSC apambana chifukwa alibe mkangano wa miluza ndipo mutha kusankha wopereka. Kupanga ma iPSC a wodwala aliyense payekha kumamveka kokoma popeza thupi silingawakane, koma kumatenga miyezi yambiri, ndipo mzere uliwonse umafuna kuyezedwa ndi kuyeserera mankhwala mwatsopano. N'chifukwa chake mayeso a pa anthu ku Japan ndi ku Germany akugwiritsa ntchito maselo a m'nkhokwe pamodzi ndi mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi.

Njira zakale

Mu 2001 gulu la Lior Gepstein ku Haifa linasiya maselo aunjikane m'timibulu toyandama m'madzi okhala ndi seramu ya ng'ombe, ndipo pafupifupi 8 peresenti ya timibuluto tinayamba kugunda. Mu 2003 Christine Mummery anakulitsa maselo pamodzi ndi maselo a mbewa otchedwa END-2. Njira ziwirizi zinatsegula chitseko, koma maselo a mtima amatuluka ochepa, seramu imasintha botolo ndi botolo, ndipo zochokera ku nyama sizifunika pa mankhwala a munthu. Palibe chifukwa choyambira pamenepa lero.

Mapuloteni olamula kakulidwe: Activin A ndi BMP4

Njira iyi imatsanzira zimene mluza umachita. Ya Michael Laflamme ndi Murry ya mu 2007 imapereka Activin A 100 ng/mL kwa maola 24, kenako BMP4 10 ng/mL kwa masiku 4, m'madzi okulitsira maselo a RPMI okhala ndi zakudya zowonjezera za B27. Inkapereka maselo a mtima opitirira 30 peresenti, kenako ankawasefa ndi Percoll, madzi olekanitsa maselo malinga ndi kulemera kwawo. Gulu la Gordon Keller linapita patali: timibulu timapatsidwa BMP4, Activin A ndi bFGF, kenako VEGF ndi chotseka Wnt (uthenga wolamula kakulidwe ka maselo), ndipo pa tsiku 3 kapena 4 amayeza ndi flow cytometry, makina owerenga selo limodzilimodzi, kuti aone maselo angati ali ndi zizindikiro za KDR ndi PDGFRα limodzi. Akachuluka, mesoderm ya mtima, gawo la maselo a mluza lomwe limadzapanga mtima, yapangika.

Ubwino wake ndi wakuti muli ndi zowongolera zambiri. Kuchuluka kwa Activin A poyerekeza ndi BMP4 kumasankha mtundu wa mesoderm: Activin A wochulukirapo amakokera ku maselo okhala ndi CD235a omwe amapanga ventricle (chipinda chapansi cha mtima chopopa magazi), pomwe wochepa amakokera ku maselo okhala ndi RALDH2 omwe amapanga atrium (chipinda chapamwamba cholandira magazi). Pa mankhwala obwezeretsa mnofu mukufuna a ventricle, ndiye mphamvu imeneyi si yaing'ono. Kuipa kwake ndi mtengo komanso kusakhazikika. Mapuloteniwa ndi odula, mphamvu yake imasiyana pakati pa loti (zopangidwa ulendo umodzi) ina ndi ina, amafooka mukawasungunula kangapo, ndipo mzere uliwonse wa maselo umatulutsa Nodal ndi BMP zakezake zomwe zimawonjezera pa zimene mwathira. Loti yatsopano ikafika, kuyeserera kumayambiranso.

Timankhwala ting'onoting'ono: kuyatsa Wnt kenako kuizimitsa

Apa ndi pomwe ma labu ambiri afika, ndipo ife tikuti woyamba ntchitoyi ayambire pano. Mfundo yake ndi imodzi. Wnt imafunika poyamba kuti maselo asiye kukhala ma stem cell n'kukhala mesoderm, koma ikapitirira kuyaka imatsekereza mesodermyo kusanduka mtima. Mumayatsa ndi CHIR99021, yomwe imatseka GSK3, puloteni yopondereza Wnt, kenako mumazimitsa.

Njira ya Xiaojun Lian ndi Sean Palecek ya mu 2012, yotchedwa GiWi, imayenda motere. Maselo amakulira pa Matrigel, chopaka pansi pa mbale kuti amatirire, m'madzi a mTeSR1 kapena E8, ndipo powabzala mumathira Y-27632 ya 5 mpaka 10 µM kwa tsiku limodzi kuti asafe atalekanitsidwa. Akatsala pang'ono kudzaza mbale, limenelo ndi tsiku 0: thirani CHIR99021 m'madzi a RPMI ndi B27 yopanda insulin. Pepala loyamba linagwiritsa ntchito 12 µM kwa maola 24 enieni. Tsiku 1 sinthani madzi. Tsiku 3 chotsani theka la madzi akale, sakanizani ndi atsopano, thirani chotseka Wnt cha IWP2 5 µM kwa maola 48. Tsiku 5 madzi atsopano opanda chotseka, tsiku 7 yambani B27 yokhala ndi insulin, kenako muzisintha masiku atatu aliwonse. Kugunda kumayamba cha pakati pa tsiku 8 ndi 12. Pa tsiku 15 yezani cardiac troponin T, puloteni ya mnofu wa mtima, ndi flow cytometry. Zikayenda bwino mumapeza 80 peresenti kapena kuposa.

Insulin imachotsedwa sabata yoyamba chifukwa imapondereza kupangika kwa mesoderm ya mtima. Amene wasokoneza mabotolo awiri a B27 amapeza mbale yodzaza maselo athanzi osagunda.

Zolephera zambiri zimachokera pa tsiku 0. Mlingo wa 12 µM si lamulo. Mizere yambiri imafa nawo. Mzere watsopano uliwonse uyesedwe pa 4, 6, 8, 10 ndi 12 µM, pa kuthithikana kwa maselo kosiyanasiyana katatu, m'mbale imodzi ya zibowo 24. CHIR ikachepa, maselo amapita ku endoderm (gawo lopanga matumbo ndi chiwindi) kapena amatsala osasintha. Ikachuluka, amadutsa pa mtima n'kupita ku mesoderm ya kumbuyo yopanga mafupa ndi minofu ya thupi, ndipo ambiri amayandama atafa pofika tsiku 2. Kufa pang'ono tsiku loyamba n'kwachibadwa, koma mukaona mbale ili ndi zigamba zazikulu zopanda maselo, tsitsani mlingo.

Kuthithikana kumasintha mphamvu ya mlingo womwewo. Maselo othinana amagawikana pang'onopang'ono ndipo amatulutsa zinthu zawo zotsutsa Wnt ndi Nodal, choncho amafuna CHIR yambiri. Otalikirana amapsa ndi mlingo womwe dzulo unali wabwino. Ngakhale kuchuluka kwa madzi pa chibowo kuli ndi gawo, monga gulu la Robert Zweigerdt ku Hannover linasonyezera: madzi ochepa amaunjika zotuluka m'maselo, madzi ambiri amazisungunula. Ndiye werengani maselo pobzala m'malo mongoyerekeza ndi maso, ndipo mamililita akhale omwewo nthawi zonse. Mukaona kuti kukugunda m'mphepete mwa chibowo mokha, kawirikawiri maselo sanabzalidwe mofanana. Madzi akamasanduka achikasu usiku umodzi, asidi wachuluka chifukwa maselo achuluka. IWP2 nayo imavuta kusungunuka mu DMSO. Itenthetseni pa 37°C ndipo muyang'ane kuti mulibe timiyala, apo ayi mukhala mutathira theka la mlingo osadziwa. Chinsalu cha maselo chikamasendeka cha pa tsiku 5 mpaka 8, thirani madzi pang'onopang'ono chakukhoma kwa chibowo ndipo onani ngati Matrigel sinaume musanabzale.

Musadikire masabata awiri kuti mudziwe kuti zalephera. Yang'anani majini osonyeza pomwe maselo afika: Brachyury iyenera kuoneka m'maselo pafupifupi onse pofika tsiku 1 kapena 2, MESP1 imatsatira, ndipo NKX2-5 imabwera cha pa tsiku 5 kapena 6. Zina mwa zolephera zimayambanso tsiku 0 lisanafike. Mzere umene wayamba kusintha wokha m'mphepete mwa timagulu take, kapena umene watenga kachidutswa kowonjezera ka chromosome pa 20q11.21, umakula mofulumira koma umamvera CHIR mosiyana.

B27 kapena CDM3

B27 ili ndi zosakaniza zoposa 20, kuphatikizapo albumin ya ng'ombe, ndipo imasinthasintha ndi loti. Mu 2014 Paul Burridge ndi Joseph Wu ku Stanford anachotsa chimodzichimodzi mpaka kutsala zitatu: RPMI 1640, L-ascorbic acid 2-phosphate 213 µg/mL, ndi albumin ya munthu yopangidwa mu mpunga 500 µg/mL. Pa madzi amenewa, otchedwa CDM3, mumapereka CHIR99021 6 µM kwa masiku awiri, kenako Wnt-C59 2 µM kwa masiku awiri ena. Anapeza maselo a troponin 80 mpaka 95 peresenti. Mlingo wa CHIR ndi wotsika mwa zina chifukwa albumin imagwira mankhwalawa. Madzi a albumin yochepa amasiya CHIR yambiri ikugwira ntchito. Wosamuka kuchoka ku B27 n'kutenga mlingo wake wakale amapha maselo. CDM3 ndi yotsika mtengo ndipo ilibe za nyama, choncho ndi yoyenera pa ulendo wopita kwa wodwala. B27 imakhululuka zolakwa zing'onozing'ono ndipo maselo amakhalitsa bwino mmenemo kwa nthawi yaitali.

M'mbale kapena m'thanki

Mbale imapereka maselo mamiliyoni ochepa pa chibowo, zokwanira kuyezera mankhwala kapena kuphunzira matenda a m'majini. Wodwala mmodzi amafuna mamiliyoni mazanamazana. Gulu la Keiichi Fukuda ku yunivesite ya Keio ku Japan linasankha mbale zosanjikiza magawo 10 zopopeleredwa mpweya, zomwe zimasunga njira ya m'mbale monga ilili koma zimafuna manja ambiri ndipo simungaone bwino magawo a pakati. A ku Hannover anasankha thanki yotakasa, momwe maselo amayandama m'timibulu popanda Matrigel, ndipo amapeza pafupifupi maselo a mtima 1 miliyoni pa mililita, kutanthauza lita imodzi pa biliyoni.

M'thanki, chimene chinali kuthithikana chimasanduka kukula kwa kambulu. Timibulu ta pakati pa 100 ndi 200 µm pa tsiku 0 timalandira CHIR ndi okosijeni mpaka pakati. Tikakula kwambiri, kunja kumasintha pomwe pakati pakufa kapena kutsala stem cell, zomwe ndi zoopsa kwambiri pa mankhwala. Kutakasa pang'onopang'ono kumaphatikiza timibulu kukhala zibuma, kutakasa mofulumira kumang'amba maselo. Phindu lalikulu n'lakuti pH ndi okosijeni zimayezedwa ndi kuwongoleredwa nthawi zonse, ndipo madzi amasinthidwa osatsegula chotengera. Kuyeserera kumodzi kolephera m'thanki ya lita kumadya ndalama zambiri, ndiye khazikitsani mlingo m'mbale zogwedezedwa kapena m'timabotolo ta 100 mL kaye.

Pali njira yachitatu yopezera chiwerengero. Mu 2020 Jan Buikema ndi anzake anasonyeza kuti maselo aang'ono a mtima, a cha pa tsiku 11 kapena 12, akabzalidwa motalikirana n'kupatsidwa CHIR pafupifupi 2 µM amagawikana mpaka kuchuluka kuwirikiza ka 100 kapena kuposa. Ndi yothandiza pa labu yopanda thanki, ngakhale maselo amabwerera kumbuyo pa kukhwima mpaka CHIR itachotsedwa.

Kuchotsa maselo osafunika

Pa maselo 500 miliyoni, 10 peresenti yosafunika ndi maselo 50 miliyoni omwe simukuwadziwa bwino, ndipo ochepa okha otsala ngati ma stem cell amatha kupanga chotupa cha teratoma. Njira yomwe yafala ndi ya Shugo Tohyama ya mu 2013: chotsani shuga m'madzi, thirani lactate 4 mM. Maselo a mtima ali ndi mitochondria zambiri ndipo amadya lactate. Ena ambiri amafa ndi njala. Ofufuzawo anafika pa 99 peresenti. Yambani kugunda kukakhazikika, cha pa tsiku 10 mpaka 14, kwa masiku 4 mpaka 6, kusintha madzi masiku awiri aliwonse. Mukafulumira, maselo a mtimawo amafa nawo limodzi. Ngati poyambira troponin inali pansi pa theka, kusefa sikupulumutsa. Zotsalira za maselo akufa zimadwalitsa otsalawo, ndipo n'kwabwino kuyambiranso. Kuchotsanso glutamine kumapha ma stem cell otsala mwamphamvu. Njalayi imapanikizanso maselo a mtima, choncho apatseni masiku angapo m'madzi a shuga musanawayeze kapena kuwaumitsa mufiriji.

Kusankha ndi ma antibody a SIRPA kapena VCAM1 kumapereka maselo oyera pa kafukufuku waung'ono, koma makina osankha selo limodzilimodzi sangakwanitse biliyoni, ndipo maselo a mtima salimba akadutsa m'makinawo. Kuika jini yokana mankhwala pansi pa MYH6, jini yoyaka m'maselo a mnofu wa mtima, kumasefa bwino kwambiri, koma kusintha majini kumawonjezera mafunso kwa oona za chitetezo cha mankhwala. Njira iliyonse mungasankhe, musanatulutse loti yezani OCT4 ndi LIN28 (zizindikiro za ma stem cell otsala) ndi PCR, onani ma chromosome, ndipo fufuzani TP53, jini yoteteza ku khansa.

Kudumpha ma stem cell

Mu 2010 Masaki Ieda ndi Deepak Srivastava anasandutsa ma fibroblast (maselo opanga chipsera) a mbewa kukhala maselo onga a mtima ndi majini atatu: Gata4, Mef2c ndi Tbx5. Mu 2012 gulu la Srivastava ndi la Eric Olson, lomwe linawonjezera Hand2, anachita zimenezi mumtima wa mbewa yamoyo ndipo chipsera chinachepa. Lingaliroli n'lokopa: maselo opanga chipserawo asanduke mnofu pomwepo, popanda teratoma, popanda thanki, popanda thupi kukana. Koma pa maselo a munthu majini atatuwa sakwanira. Pamafunika ena monga MESP1, MYOCD kapena miR-133, maselo osandulika mokwanira amakhala ochepa, ndipo selo losandulika siligawikananso, ndiye simungachulukitse. Kufikitsa majiniwo ku ma fibroblast a mumtima okha ndi vuto lina lalikulu. Ndi njira yofunika kuitsatira, koma yofuna maselo oti agwiritse ntchito chaka chino asaidalire.

Kukhwima ndi vuto la kagundidwe

Njira zonse za pamwambazi zimapereka maselo onga a mwana wosabadwa. Ndi aang'ono ndi ozungulira, ma sarcomere ake (tizigawo tokokera mnofu) ndi pafupifupi 1.6 µm pomwe a munthu wamkulu amafika cha pa 2.2 µm, alibe ma T-tubule (timapaipi tolowetsa magetsi mkati mwa selo), amadalira shuga m'malo mwa mafuta, ndipo magetsi ake opumira amakhala cha pa -60 mV m'malo mwa -85 mV chifukwa njira ya potassium ya KCNJ2 ndi yochepa. Selo la ventricle la munthu wamkulu limadikira kulamulidwa. Awa amagunda okha, ndipo pamenepo ndi pomwe pali ngozi.

Mu 2014 James Chong ndi Murry anabaya maselo 1 biliyoni m'mitima ya anyani a macaque. Mnofu watsopano unamera n'kulumikizana ndi wakale, koma nyamazo zinayamba kugunda kosalongosoka kwa ventricle. Yuji Shiba anaona zomwezo mu 2016 ndi ma iPSC. Mu nkhumba, zomwe mtima wake umagunda pa liwiro loyandikira la munthu, gulu la Laflamme ku Toronto linapeza mu 2019 kuti vutoli limakula mpaka zina kufa. Gwero lake ndi mnofu wobzalidwawo, womwe umakhala ngati woyimba ng'oma wachiwiri amene wayamba nyimbo yake pakati pa gule. Vutoli limayamba m'masiku oyambirira ndipo limachepa pakatha masabata angapo maselo akamakhwima m'thupi. Mankhwala a amiodarone pamodzi ndi ivabradine anachepetsa vutoli mu nkhumba, ndipo mu 2023 gulu la Murry linapanga maselo ochotsedwa majini a HCN4, CACNA1H ndi SLC8A1 n'kuwonjezeredwa KCNJ2, omwe sagunda okha koma amamvera akalamulidwa.

Kukhwimitsa m'labu kumathandiza pang'ono. Mahomoni a T3 100 nM ndi dexamethasone 1 µM kwa masabata awiri, madzi a shuga wochepa okhala ndi palmitate, oleate ndi linoleate, kapena kukankha ndi magetsi kuchoka pa 2 Hz kufika pa 6 Hz monga anachitira a ku yunivesite ya Columbia mu 2018, zonsezi zimasendeza maselo kutsogolo. Pa kuyeza mankhwala, khwimitsani momwe mungathere. Pa kubzala mumtima samalani, chifukwa maselo okhwima kwambiri salimba akalekanitsidwa ndi kubayidwa, ndipo a munthu wamkulu enieni amafa akabzalidwa. Magulu ambiri amaumitsa maselo a masabata awiri kapena atatu m'madzi osungira maselo a CryoStor CS10.

Kaperekedwe nako kamasintha zimene mukufuna kwa maselowo. Jakisoni wa maselo omwazika amalumikiza mnofu watsopano ndi wakale mwachindunji, koma ambiri amatayika kapena kufa m'masiku oyambirira, ndipo ngozi ya kagundidwe ndi yaikulu. Kampani ya Heartseed, yochokera ku Keio, inabaya timibulu ta maselo pafupifupi 1,000 kalikonse, oyeretsedwa ndi lactate, pa milingo ya 50 miliyoni ndi 150 miliyoni mu mayeso a LAPiS. Ku Osaka, Yoshiki Sawa anayamba mu Januwale 2020 kuyala timapepala ta maselo pamwamba pa mtima, maselo pafupifupi 100 miliyoni, ndi mankhwala ochepetsa chitetezo kwa miyezi itatu yokha. Pamenepo phindu limayembekezeka kuchokera ku zinthu zomwe maselo amatulutsa, osati mnofu wokhalitsa. Ku Göttingen, Wolfram-Hubertus Zimmermann amasakaniza maselo a mtima ndi ma stromal cell (maselo ochirikiza onga ma fibroblast) mu collagen, puloteni yomanga minofu, n'kupanga zigamba zosokerera pamtima mu mayeso a BioVAT-HF. Mu 2025 anafalitsa kuti mumtima wa wodwala amene pambuyo pake anaikidwa mtima wina, chigambacho chinapezeka chamoyo ndipo chili ndi timitsempha ta magazi. Chigamba chimasiyanitsidwa ndi mnofu wa mwiniwake ndi kachikopa ka chipsera, choncho sichisokoneza kagundidwe kawirikawiri, koma kulumikizana kwake ndi magetsi a mtima n'kochepa. Wopanga chigamba safuna maselo a mtima okhaokha: amawayeretsa kaye, kenako n'kubwezeramo mwadala ma fibroblast, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi, chifukwa popanda iwo collagen sakhwinyata ndipo mnofu sugwirana.